S Woyang'ana Kumbuyo

4 Epulo

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Tonse tilipo, kupatula bondo la mayi lomwe limayamba kuvuta kukangozizira pang'ono. Kaya inu kutauniko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Foni yanga ija inagwera m'ndowa ndikuchapa, inangoti zii mpaka lero, ndiye tabwerera ku makalata ngati kale. Ndizipatsira kondakitala wa basi ya m'mawa kuti azisiya pageti la kudepoti kwanu. Inunso muzimupatsira yemweyo.

Mayi ali pambali panga pano, akuti ndilembe mawu awo osachotsera: "Chimanga chachita bwino, koma nyemba zinapsa ndi dzuwa. Mwana wanga asamapite kuntchito ndi njala. Umuuze kuti ndinalowa bungwe la alimi, ndipo dimba la bambo ake ndalipereka kubungweko." Mawu awo athera pamenepo, atuluka kukathamangitsa mbuzi.

Za bungwezo zili chonchi. Linayamba chaka chatha, muli anthu makumi atatu ndi awiri. Wapampando ndi a Jekete, mukuwakumbuka aja amavala jekete ngakhale pokalima. Mlembi ndi a Phunzitsi, mayi aja anapuma ntchito pasukulu ya pulayimale. Ofesi yoyang'anira mabungwe a alimi yalonjeza kutipatsa pampu yoyendera dzuwa ndi thanki yake, kuti tizilima tomato ndi anyezi m'chilimwe m'malo mongokhala kuwerenga nkhuku za eni. Pampuyo imafuna malo oyandikira mtsinje, ndipo dimba lathu ndi lomwe lili pabwino. Pepala lake analemberana kale.

Tsopano zopempha. Mayi akufuna magalasi a maso, akuti ulusi sakuwuona polowetsa pasingano. Mutitumizirenso makope awiri a mizere ikuluikulu, mapensulo ndi chofufutira. Musafunse zambiri, ingotumizani.

Ndine mlongo wanu.


15 Epulo

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinalandira. Kuno tili bwino, wamng'onoyu ndiye wayamba kumera mano, akuluma aliyense. Uwauze mayi kuti bondolo azilimanga ndi nsalu yofunda.

Koma mawu amodzi m'kalata yako akundisowetsa mtendere. "Ndalipereka." Kulipereka motani? Kubwereketsa, kugulitsa, kapena kungotaya? Dimba limenelo bambo analisandutsa munda ndi manja awo, kuchotsa bango ndi miyala zaka zitatu. Iwe unali wamng'ono, ine ndinkanyamula miyalayo. Lero ndimve kuti laperekedwa ngati munthu akupereka mchere kwa woyandikana naye nyumba?

Ndiyeno wapampando akhale a Jekete. Kodi si a Jekete omwewa anakangana ndi malemu bambo za malire a dimba lomwelo chaka cha chilala chija? Anazula zikhomo m'mawa, bambo n'kukazibwezera masana. Analephera kulitenga ndi khasu, pano abwera ndi pepala ndi pampu. Ine zimenezi ndimazidziwa. Ntchito yanga ukuidziwa, tsiku lonse ndimakhala pakawindo ka depoti kuona mapepala a madalaivala obweretsa simenti ndi malata. Munthu amabwera akumwetulira, mano onse panja, koma ukayang'ana pepala lake upeza matumba khumi asowera panjira. Ndinasiya kalekale kukhulupirira nkhope ya munthu. Ndimakhulupirira zolembedwa, ndipo nazonso ndimaziwerenga kawiri.

Magalasi ndatumiza, ali mu sokosi kuti asasweke. Makope ndi mapensulo ndaikamonso, ngakhale sindikumvetsa. Mwana wako ali ndi zaka ziwiri, makopewo adya? Kapena bungwe lanu lachitukukolo likusowa ndi polemba pomwe, mpaka lizipempha kwa ana a mamembala? Ukati ndisafunse zambiri, ndiye kuti zofunsa zilipo.

Undichitire chinthu chimodzi. Pita kwa mlembiyo, ubwereke pepala lomwe ukuti analemberanalo, ukalijambulitse pa fotokope, unditumizire. Ndikufuna ndiliwerenge ndi maso angawa.

Ndine mchimwene wako.


29 Epulo

A Kalaliki athu,

Moni. Mayi akuthokoza magalasi. Tsiku loyamba anawavala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kuyang'ana chilichonse, mpaka anandiuza kuti sankadziwa kuti ndayamba imvi.

Inu mtima muuike pansi. Palibe amene watenga dimba. Ndi kangodya kokha ka kumtsinje, paja pamamera bango, mapazi khumi uku, khumi uku, kwa zaka zisanu. Kwinako ndi kwathu, ndipo madzi akayamba kutuluka oyamba kuthirira ndife. Za a Jekete ndi zikhomo ndi zoona, koma anadzapepesa bambo akudwala, inu muli kutauni. Anakhala pampando wa pakhonde uja theka la tsiku, jekete lili pamaondo. Ndinaliona ndekha atalivula, mwina ndine ndekha m'mudzi muno amene ndinaonapo zimenezo.

Mukanabwera mukanaona nokha momwe anthu agwirira ntchito. Ngalande yakumbidwa kuchokera pakangodyako mpaka kumadimba a kumunsi. Njerwa zomangira pokhala thanki tinaumba tokha, amuna kuponda dothi, ife kutunga madzi. Mbewu ya tomato ndi anyezi tafesa kale pa nazale, yamera bwino, tikuthirira ndi ndowa poyembekeza pampu. Akuofesi akuti ifika kumayambiriro kwa Juni. Anthu omwe ankadutsana panjira osalonjerana chifukwa cha mbuzi zodya m'minda, pano akubwerekana makasu.

Mayi nawonso asintha. Lachitatu ndi Lachisanu masana amasamba, n'kumanga mpango wawo wabwino uja, ulendo wa kubungwe. Akabwerako amalowa m'chipinda chawo n'kutseka chitseko, osafuna phokoso. Bondo limaiwalika masiku amenewo. Chiyambire kumwalira kwa bambo sindinawaonepo akuyenda mothamanga chonchi.

Za makope, ndinati musafunse. Ndinalonjeza munthu kuti sindinena, ndipo sindinena. Si zoipa ayi.

Fotokope ija nayi, ndakajambulitsa kusitolo ya pamsika. Yatuluka yakuda m'mbali chifukwa makina ake ndi okalamba, koma ikuwerengeka. Muwerenge kawiri monga mwa chizolowezi chanu, kenako mutipatse mpata tipume.

Mlongo wanu.


9 Meyi

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa, koma mtima wanga suli m'malo. Kalata iyi uwerenge wekha, mayi asaimve.

Pepala lija ndawerenga, osati kawiri, kasanu. Mawu ake alibe vuto, ndi monga unanenera, kangodya kamodzi, zaka zisanu. Vuto lili pansi penipeni. Pamalo pa mwini dimba pali siginecha. Dzina la mayi, lolembedwa ndi cholembera.

Mlongo wanga, mayi athu sanapondeko m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Pa khadi la kuchipatala anadinda chala. Pa mapepala a imfa ya bambo anadinda chala, ndipo amene anawagwira dzanja kuliika pa inki ndine. Ndikukumbuka anapukutira chalacho kumpendero kwa nsalu yawo, osayang'ana munthu kumaso. Nanga lero dzina lawo lalembedwa ndi ndani?

Uyang'anenso bwino. Zilembo zake ndi zazikulu, zokhotakhota, zina kukwera zina kutsika, ndipo S wayang'ana kumbuyo. Iwe ukhoza kuganiza kuti ndi umbuli wa wolembayo, koma ine ndimaziona izi mwezi ndi mwezi. Munthu wophunzira akafuna kubera siginecha ya munthu wosaphunzira amalemba ndi dzanja lamanzere, n'kutembenuza chilembo chimodzi dala kuti zioneke zenizeni. Chaka chathachi ndinagwira dalaivala wina ndi njira yomweyi. Wolemba apa ndi munthu wodziwa bwino momwe ana amalakwitsira zilembo. M'bungwe lanulo, ndani amene wakhala zaka makumi atatu akuona zolakwitsa za ana? Sinditchula, uganize wekha.

Ngati anabera siginecha pa pepala looneka bwinoli, ndiye kuti pali pepala lina lomwe sanakuonetse. Limenelo ndi lomwe lili ndi dimba lonse.

Chinanso, ndinene ngakhale ndi zochititsa manyazi. Misonkhano yanji ya alimi yochitika kawiri pa sabata, yofunika kusamba ndi mpango wabwino? A Jekete akazi awo anamwalira. Munthu akalephera kulowa m'munda podzera kumalire, amadzera pakhomo. Mayi ndi munthu wa mtima wabwino, savuta kuwaphimba m'maso.

Uwafunse mwanzeru ngati akudziwa kuti dzina lawo lili papepala. Undiyankhe pasanathe masabata awiri. Ukapanda kutero ndichita zomwe mwana wamwamuna ayenera kuchita.

Mchimwene wako.


27 Meyi

Mlongo wanga,

Masabata awiri anakwana, ndinawonjezera masiku anayi. M'mawa uliwonse ndimafunsa mlonda wa pageti ngati kondakitala wasiya kanthu, mpaka wayamba kundiyankha ndisanafunse. Palibe.

Kukhala chete kwakoko kwandiyankha. Poyamba ndimaganiza kuti nawenso akupusitsa, koma ndakumbuka kuti alamu anga, amuna akowo, dimba lawo lili kumunsi komwe ngalande ikupita. Madziwo akadzafika, tomato wake ndi wanu. Sindikunena kuti wagulitsa mayi ako. Ndikungonena kuti ukakhala ndi gawo m'chinthu, maso amaona zomwe akufuna.

Dzulo ndalembera ofesi yoyang'anira mabungwe a alimi. Ndawauza kuti ndine mwana woyamba wa mwini dimba, kuti mayi anga sadziwa kulemba ngakhale chilembo chimodzi, ndipo kuti siginecha ili pa pepala la bungwe lanu ndi yabodza. Ndaikamo fotokope yako ija, ndazunguliza S uja ndi cholembera chofiira. Ndaikamonso fotokope ya pepala la imfa ya bambo pomwe pali chala chawo, kuti afananize okha. Ndapempha kuti pampu isaikidwe pa malo athu mpaka nkhaniyi ifufuzidwe.

Mundida lero, mudzandithokoza m'tsogolo. Uwapatse moni mayi.

Mchimwene wako.


5 Juni

Achimwene,

Sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Moni ndilibe.

Ndinakuyankhani pa 14 Meyi. Ndinalemba masamba awiri, ndinathyola lonjezo langa kwa mayi kuti inu musachite zopusa. Dzulo ndakamugwira kondakitala uja pasiteji, wafufuza m'matumba monse, kenako wakumbuka kuti tsiku limenelo basi inafera panjira ndipo katundu yense anamusamutsira m'basi ina. Kalatayo kaya ili kuti. Koma inunso, masiku anayi okha owonjezera? Simukanakwera basi n'kubwera kudzafunsa mayi anu pamaso?

Imvani tsono zomwe zinali m'menemo. Mayi akuphunzira kulemba. Bungwe litayamba, panafunika kuti membala aliyense azilemba tsiku lomwe wafesa ndi tsiku lomwe wathira feteleza, ndipo zinapezeka kuti amayi khumi ndi mmodzi sangathe. A Phunzitsi anati aziwaphunzitsa ulere, Lachitatu ndi Lachisanu, m'shedi yosungiramo mbewu. Anayamba mu Novembala. Ndiyo misonkhano ya mpango wabwino ija. A Jekete sapondako n'komwe, amayiwo anawaletsa chifukwa amachita manyazi. Makope aja ndi a mayi. Magalasi aja si a singano. Akamadzitsekera m'chipinda amakhala akulemba dzina lawo, tsamba lonse, mpaka pensulo kutha.

Siginecha ija analemba okha, ine ndili pomwepo. Mlangizi wa zaulimi anawabweretsera inki yodindira chala, iwo anaikankhira kumbali. Anatenga nthawi yoti munthu akhoza kukatunga madzi n'kubwerako. Atamaliza anayang'ana aliyense kumaso. S ameneyo a Phunzitsi alimbana naye miyezi isanu ndi umodzi, sakutembenuka.

Anandiletsa kukuuzani chifukwa ankafuna kuti tsiku lina mudzalandire kalata, mudzatsegule, mudzapeze kuti si dzanja langa. Ankati, "Ndikufuna Kalaliki wanga adzawerenge kawiri." Amaseka okha akaganiza zimenezo.

Tsopano onani zomwe mwachita. Lolemba kunabwera kalata ya kuofesi. Pampu yaimitsidwa. Pa 20 kubwera akuluakulu awiri kudzafufuza za siginecha yabodza, ndipo akapeza kuti ndi zoona, bungwe lichotsedwa m'kaundula. M'menemo anaikamonso kalata yanu ija. A Jekete anawerenga zonsezo pamsonkhano monga mwa lamulo la bungwe, anthu onse alipo. Anafika pamene inu munalemba kuti mayi anu sadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anayesa kudumpha, koma anali atayamba kale. A Phunzitsi analira. Mayi sanalire. Anavula magalasi, anawakulunga mu sokosi yanu ija, ananyamuka n'kubwera kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sanatsegule kope.

Za amuna anga ndi tomato zomwe munanena zija, tidzakambirana tsiku lina. Zinandipweteka, musaganize kuti ndaiwala.

Mlongo wanu.


12 Juni

Mlongo wanga,

Ndalandira kalata yako, ndipo ndaiwerenga mofatsa. Ngati zomwe ukunenazo ndi zoona, ndiye kuti ndalakwa kwambiri. Koma undilole ndinene zomwe zili kumtima kwanga, chifukwa ndikapanda kunena ndikhala ndikukunamiza.

Kalata yomwe ikanakonza zonse ndi yomwe yasowa. Basi yafa tsiku lomwelo. Sukulu yomwe sindinaimvepo yatulukira ofesi itangolemba kalata. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, amene moyo wake wonse amagwira cholembera ngati mpeni, waphunzira kusaina m'miyezi inayi. Mlongo wanga, ukanakhala iwe pakawindo panga, dalaivala n'kukufotokozera nkhani yotere, ukanamulola kudutsa?

Ndikudziwa momwe zimakhalira. Bungwe likaona kuti lagwidwa, limakhala pansi n'kupangana chonena. Pofika pa 20 akhoza kuwaloweza mayi dzina lawo usana ndi usiku ngati nyimbo. Choncho ndalemberanso kuofesi kuti pofufuzapo asangofunsa mafunso. Awapatse mayi pepala loyera ndi cholembera, alembe pamaso pa anthu, popanda wowanong'oneza kapena chowonera. Akalemba zofanana ndi zili pa pepala lija, S wake yemweyo, ine ndidzagwada. Palibe cholakwika kuyesa chinthu ngati chili choona.

Kubwera sindingathe, abwana akana tchuthi chifukwa tikuwerengera katundu wa pakati pa chaka. Undilembere zonse momwe zidzayendere, osachotsera.

Mchimwene wako.


22 Juni

Achimwene,

Munati osachotsera. Chabwino.

Anabwera awiri pagalimoto yoyera, bambo wadazi ndi mayi wina wachitsikana wonyamula mafayilo. Anaika tebulo m'shedi ya mbewu, momwe amayi amaphunziriramo. Anthu anadzaza mpaka panja, ena osakhala a bungwe n'komwe, ongofuna kudzaona nkhalamba ikuyesedwa mayeso. Bolodi la a Phunzitsi analitembenuzira kukhoma kuti pasakhale chowonera, monga munapemphera inu. A Phunzitsi anatulutsidwa, anakaima padzuwa. Inenso anandiuza ndikhale kumbuyo.

M'mawa mwake mayi anali atakana kupita. Anati, "Mwana wanga wanena kale kuti sindidziwa. Alendowo ndikawauzenso chiyani?" A Jekete anabwera kunyumba, anaima pabwalo, osawakakamiza. Anangoti, "Mayi, mukapanda kubwera palibe adzakudani. Koma mlembi wathu adzatchedwa wakuba mpaka kumanda." Ndi chimene chinawadzutsa. Sanamange mpango wabwino uja, anapita ndi wa kumunda.

Bambo wadaziyo anawapatsa pepala ndi cholembera. Mayi anavala magalasi. Anatola cholembera. Analemba chilembo choyamba, chinatuluka bwino. Chachiwiri chinatuluka. Kenako anaima. Anayang'ana pepala, anayang'ana kudenga, thukuta lili chuchuchu, magalasi achita nthunzi. Masabata atatu osagwira pensulo, ndiponso maso onse aja. Kumbuyo wina anaseka, wina n'kumuletsa. Ine ndinkangopemphera kuti nthaka ing'ambike.

Mtsikana wa mafayilo uja anawamvera chisoni. Anatulutsa inki yodindira, anaitsegula, anaikankhira pafupi nawo. Anati, "Amayi, musadzivutitse. Ingodindani chala apa kuti mwalephera, tizipita."

Mayi anayang'ana inkiyo nthawi yaitali. Kenako anaitseka okha chivundikiro, n'kumubwezera. Anati, "Chala ndinasiya, mwanawe. Dikira."

Anapukuta magalasi ndi mpango, anayambiranso pamzere wapansi. M'shedi monse munkangomveka nkhunda za padenga. Anafika pa S. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, akudziuza zomwe a Phunzitsi amawauza, kuti yamba kumanja upite kumanzere. Ndinachita mantha kuti mwina lero, mwa masiku onse, amulemba molondola. Koma dzanja linapita komwe linazolowera. S anayang'ana kumbuyo.

Bambo wadazi anaika mapepala awiriwo pamodzi, lanu lozunguliza ndi chofiira ndi latsopanoli. Sanachedwe. Anaimirira, anapepesa kwa mayi, anatuma munthu kukaitana a Phunzitsi n'kuwapepesanso. Bungwe silichotsedwa m'kaundula.

Koma pampu kulibe. Anati pampu za chaka chino zinali zowerengeka, ndipo yathu itaimitsidwa anaipereka ku bungwe la kutsidya kwa mtsinje, anaiika kale sabata yatha. Ife tidikire chaka chamawa, ngati zidzabwerenso. Tomato wa pa nazale watalika, wafika powokera, ndipo ndi ndowa sitingathirire madimba makumi atatu. Tagwirizana kuwokera mizere yochepa pafupi ndi mtsinje, wotsalayo tingomusiya. Ngalande ija ili gwaa, ana akuseweramo. Madzulo mphepo ikamachokera kutsidya timamva madzi akugwera m'thanki ya anzathu.

Palibe amene wawanenera mayi zoipa pamaso. Koma pachitsime ndikafika nkhani imasintha. Dzina lanu m'mudzi muno pano ndi Cholembera Chofiira.

Tinabwerera kunyumba ndi mayi. Titafika pakhomo anandifunsa chinthu chimodzi chokha: "Kodi zoti ndilembe pamaso pa anthu, anapempha ndi iyeyo?" Ndinafuna kunama, koma ndatopa ndi zobisa m'nyumba muno. Ndinavomera.

Mlongo wanu.


1 Julayi

Mayi anga,

Ndikupempha mlongo wanga akuwerengereni kalata iyi pang'onopang'ono.

Dzulo kondakitala wa basi ina wasiya envelopu pageti, yothimbirira ndi mafuta a galimoto, ya pa 14 Meyi. Inali pansi pa mpando wa dalaivala masabata asanu ndi awiri. Zonse zinalimo, monga mlongo wanga ananenera. Ndinaiwerengera pakawindo pomwepo, madalaivala ali pamzere, ndipo ndinalephera kugwira ntchito. Koma ndisanamizire basi. Ngakhale mlongo wanga ananditumizira kalata ina yofotokoza zonse, sindinakhulupirire.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Ndinakayikira a Jekete, ndinakayikira a Phunzitsi, ndinakayikira mlongo wanga ndi alamu. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza inu ndi dimba la bambo. Koma pansi pa zonsezo, amene ndinamukayikira kwambiri ndinu. Zinali zosavuta kwa ine kukhulupirira kuti mudzi wonse ndi wa akuba kusiyana ndi kukhulupirira kuti mayi anga angathe kulemba dzina lawo. Inu amene munagulitsa nkhuku zanu zonse kuti ine ndiphunzire zilembo zomwezo.

Ndikuchita manyazi, mayi. Ndalembera a Phunzitsi ndi a Jekete kupepesa, ndipo ndapempha kuti kalatayo iwerengedwe pamsonkhano ngati momwe inawerengedwera yoyamba ija. Kwa mlongo wanga ndi alamu ndidzapepesa pamaso. Tchuthi andipatsa mu Ogasiti. Ngati mundilola kufika pakhomo panu, ndidzabwera kudzanyamula ndowa mpaka tchuthi chithe. Ndikudziwa kuti msana umodzi sungalowe m'malo mwa pampu.

Mundikhululukire.

Mwana wanu.


19 Julayi

Achimwene,

Kalata yanu mayi anakana kuti ndiwawerengere. Analowa nayo m'chipinda, anatha nayo masiku anayi, kumangotuluka kudzandifunsa liwu limodzilimodzi atabisa mizere inayo ndi dzanja. Kenako anapempha kope. Tsamba lili m'munsili alilemba kwa sabata yathunthu. Sindinakonzemo kanthu, kupatula kuwauza poika madontho.

Mlongo wanu.


Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino. Bondo likuwawa.

Kalata yako ndawerenga ndekha. Umalemba zilembo zazing'ono. Uzikulitsa.

Tomato wina wafa. Wina alipo. Timathirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. A Phunzitsi ayambanso sukulu. Tinali khumi ndi mmodzi. Pano tili khumi ndi asanu. Ena anabwera ataona ine m'shedi muja.

Za pampu anthu adzaiwala. Ine chimene chikundiwawa ndi china. Ndinkafuna woyamba kulandira dzanja langa ukhale iwe. Ndinkafuna useke. Unalandira ndithu. Unalizunguliza ndi chofiira.

Ndakukhululukira chifukwa ndinakubala. Koma mtima ukadali kutupa. Sindikubisira.

Ubwere mu Ogasiti. Ndowa zilipo ziwiri. Ubweretse makope ena.

S wanga akuyang'anabe kumbuyo. A Phunzitsi akuti tsopano ndimusiye choncho, ndi amene anapulumutsa bungwe.

Ngati ukukayika kuti kalata iyi ndalemba ndine, ubwere ndi pepala lako. Ndidzalembanso iwe ukuona.

Ndine mayi ako.